Kalata kwa akuluakulu a zaumoyo: wodwala impso muziyamba mwamufunsa musanamuwerengere zoletsa

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, alembi a mu undunawu, ndi inu mabwana amene mumayendetsa zipatala zathu,

Ndiyambe ndi kupepesa poti ine si dokotala, si namwino, ndine mphunzitsi wa pulayimale chabe, koma zaka ziwiri zapitazi ndaphunzira ntchito ina imene palibe anandilemba, ya ugadiyani, kunyamula bukhu la kuchipatala la bambo anga mu jumbo kuti lisanyowe, kudzuka 4 koloko kukagwira mzere, kukhala pa benchi mpaka msana kuuma, kenako kulowa mkachipinda mphindi zisanu nkutuluka mutu uli balala. Bambo ali ndi matenda a impso. Ndiye zimene ndilembe panozi ndaziona ndi maso angawa, ndipo chipatala chake sindichitchula dala chifukwa vuto lake si la chipatala chimodzi, komanso anamwino amene ndiwatchule muno ndi anthu otopa amene amaona mzere wa anthu osatha tsiku ndi tsiku, sindikufuna wina aitanidwe ku ofesi chifukwa cha ine.

Tsiku loyamba lija ndimalikumbuka bwinobwino. Bambo anali atakhala ndi BP kwa zaka zambiri, mankhwala ankamwa akakumbukira kapena mutu ukawawa, ndiye miyendo inayamba kutupa mpaka sandasi zawo osalowa, nkhope mmawa ili fufu ngati alumidwa ndi njuchi. Anawayeza magazi ndi mkodzo, adokotala nkunena kuti impso zatsala pang'ono kufika pa siteji yomaliza, kuti masiteji alipo 5 iwo ali pa 4. Atatero anatitumiza kwa anamwino kuti akatilangize, ndipo malangizowo anali chonchi, mawu ali liwiro ngati kondakitala akuitanira minibasi: mchere ayi, nthochi ayi, mapeyala ayi, usipa ndi matemba ayi, mbatatesi ayi, zakumwa za mmabotolo ayi, bulufeni ayi, mankhwala achikuda ayi, mowa ayi, fodya ayi, nyama pang'ono, mwamva agogo? Bambo anga, munthu wa ulemu wake uja, chipewa chili mmanja, anangoti eya eya ndamva, zikomo kwambiri amayi. Anamwino nkulemba mbukhu kuti walangizidwa, wotsatira alowe.

Titatuluka pa geti sitinayende nkomwe mtunda, bambo anaima pa chiwaya nkugula tchipisi, nkumuuza mnyamata uja kuti thira mchere ndi tsabola wokwanira. Ine kukamwa yasa. Ndinati ababa, si pompano akuuzani? Iwo anangoseka nkuti mwana wanga, amene uja watchula zakudya zonse za mMalawi muno, wasiya madzi ndi mphepo basi, ndiye iwe ukufuna ndidye chani.

Ndipo anali ndi mfundo. Koma chimene ndikufuna mumvetse mabwana ndi chakuti eya eya uja sanali bodza. Kwathu kuno munthu wamkulu sangamuyankhe wa yunifomu kuti ayi sindikugwirizana nazo, ngakhale wa yunifomuyo ali msinkhu wa mdzukulu wake. Eya amatanthauza kuti mawu anu afika mkhutu mwanga ndipo ndikukulemekezani. Satanthauza kuti ndikapita kunyumba ndikataya mchere. Ndiye ngati chipatala chimawerengera eya ameneyu ngati umboni woti wodwala wavomera kusintha, ndiye kuti mabukhu athu adzaza ndi anthu olangizidwa amene palibe anawafunsa ngati mumtima mwawo akukhulupirira nkomwe kuti akudwala.

Patatha mwezi tinabwerera, BP ili mmwamba, miyendo yotupabe. Amene tinawapeza tsiku limenelo anakweza mawu anthu onse pa benchi akumva, akuti madala inu ndinu osamva, mukufuna kufa eti, mukungotitayitsa nthawi. Nkulemba mawu a Chingelezi mbukhu otanthauza kuti satsatira malangizo. Mawu amenewo ali mbukhumo mpaka lero ndipo aliyense wotsegula bukhulo amayamba waona pamenepo asanaone nkhope ya bambo anga. Kuyambira tsiku limenelo bambo anakana kupitanso ku kiliniki kwa miyezi inayi yathunthu, ankati sindingalipire thiransipoti kuti ndikatukwanidwe ndi ana. Miyezi inayi kwa munthu wa impso za siteji 4, inu madokotala mukudziwa kuposa ine zimene zimaonongeka pa nthawi yotere.

Mkati mwa miyezi imeneyo ndi mmene ndinadziwira zimene zinali mmutu mwawo, osati powafunsa ngati wapolisi koma pocheza madzulo pa khonde tikusenda nandolo. Iwo sankakhulupirira zoti impso zawo zili ndi vuto. Ankati impso zili kumsana kuno, sizikundiwawa, ndikukodza bwinobwino, ndiye zaonongeka bwanji? Ndipo palibe anawauza kuti matendawa ndi akabisira, kuti impso zimatha kufooka zaka ndi zaka munthu osamva kupweteka kulikonse. Kutupa kwa miyendo iwo ankati anaponda mankhwala pa munda umene analimbirana malire ndi achibale ena, ndiye ankamwa zitsamba za asing'anga mu botolo la malita awiri, ndipo msana ukawawa pochokera kudimba ankagula bulufeni ndi indosidi pa okala, awiri mmawa awiri madzulo, kwa zaka. Munthu amene ali pamenepa mukamuuza kuti siya mchere zili ngati kumuuza wina kuti afolere denga pomwe iye akuona kuti kunja kuli ng'aa, mvula yake iti?

Amene anatembenuza zinthu ndi kilinikala ofisa wina wachinyamata, pa chipatala chomwecho, mzere wake womwewo, mphindi zake mwina zinangoonjezekera zitatu kapena zinayi. Ndinachita kuwanyengerera bambo kuti tipite. Mnyamatayo anatsegula bukhu, anaona mawu aja, anatseka, nkuwafunsa kuti bambo, inuyo mukuganiza kuti chikukuvutani ndi chani? Bambo anakhala chete kaye, anandiyang'ana ine, kenako anayamba kufotokoza za munda zija. Mnyamata sanaseke, sanatsutse, anangoti chabwino ndamva, mungandilole ndikuonetseni zimene ife taona mmagazi mwanu? Anajambula ka sefa pa pepala, ngati kosefera ufa kaja, nkuti impso ndi sefa, BP ikamathamanga kwa zaka imang'amba timabowo take, ndipo sefa ikang'ambika simalira. Kenako anatambasula zala zake zonse khumi nkuti, tiyerekeze kuti chala chimodzi ndi kuti sindikuganizako nkomwe, zala khumi ndi kuti ndiyamba lero lomwe, pa nkhani yosiya bulufeni muli pa zala zingati? Bambo anati ngati akuononga sefayo ndiye naini, bola mundipatse china cha msanawu. Nanga zitsamba zija? Anati folo. Nanga mchere? Anaseka nkuonetsa zala ziwiri.

Funso lotsatira ndi limene linandidabwitsa. Ine ndimayembekezera kuti awafunsa kuti bwanji ziwiri zokha, koma iye anati, nanga bwanji mwati ziwiri osangoti chimodzi? Ndiye bambo okha ndi pakamwa pawo anayamba kunena zifukwa, akuti pajatu mchimwene wanga anafa ziwalo mbali imodzi ndi BP yomweyi, akuti ndikufuna mdzukulu wanga ndimuone akulemba mayeso a fomu folo. Palibe anawauza zimenezo, anazitulutsa okha. Mnyamata uja anati basi mwezi uno tigwire chimodzi chokha, bulufeni ndi indosidi tisiye, msana ukawawa panado, za mchere tidzakambirana ulendo wa mawa. Tinatuluka bambo akuyankhula okha kuti koma mwana uyu ndi wophunzira.

Nditafika kunyumba ndinayamba kufufuza pa foni kuti kodi chimene anachita chija ndi nzeru zake chabe kapena chimaphunzitsidwa. Ndinapeza kuti ndi zinthu zakale ndithu. Akatswiri awiri a ku America, James Prochaska ndi Carlo DiClemente, cha mma 1980 koyambirira ankafufuza anthu osiya fodya ndipo anaona kuti munthu sasintha khalidwe tsiku limodzi ngati kuyatsa getsi. Pali amene sakuganizako nkomwe, mwina sakudziwa kapena sakukhulupirira kuti pali vuto. Pali amene akudziwa koma mitima iwiri, akufuna komanso sakufuna. Ena atsimikiza ndipo akukonzekera kuyamba posachedwa, ena ayamba kale koma sipanathe miyezi 6, ndipo ena apitirira miyezi 6 akungoyesetsa kuti asabwerere mmbuyo. Mfundo yake ndi yakuti aliyense mwa anthu amenewa amafuna mawu osiyana. Woyamba uja ndandanda wa zoletsa sumuthandiza, amafunika kumvetsa kaye. Amene wakonzeka safuna ulaliki, akufuna umuuze kuti mmalo mwa mchere athire chani mu ndiwo. Ndipo wina William Miller, amene ankagwira ntchito ndi anthu ovutika ndi mowa, mu 1983 analemba za kachezedwe kofunsa mmalo mokalipira, pambuyo pake nkukakulitsa pamodzi ndi Stephen Rollnick, ndipo kafunso ka manambala kaja kamachokera kumeneko, kungoti mnyamata wathu anakasandutsa zala poti agogo ambiri rula ya pa pepala sangaitsatire.

Sindikunena kuti anthu amayenda mmasitepe amenewa mwadongosolo ngati ana pa asembule, ayi. Bambo anga Lolemba amakhala okonzeka, Lachisanu abwerera poyambira, ndipo ndinaonanso kuti akatswiri ena amatsutsa zoti mungamuike munthu mu bokosi limodzi mwa asanu. Ine zoti mabokosi ndi asanu kapena atatu sizikundikhudza. Chimene ndinaona ndi chakuti wina anafunsa asananene, ndipo zinagwira pomwe kukalipa kunatithamangitsa miyezi inayi.

China chimene zala zija zinaonetsa ndi chakuti palibe munthu wokonzeka kapena wosakonzeka pa zonse. Bambo yemweyo, tsiku lomwelo, anali naini pa china, folo pa china, ziwiri pa china. Matenda a impso ndi oipa pamenepa chifukwa amapempha zinthu zambiri nthawi imodzi kuposa matenda ena onse amene ndikuwadziwa, kadyedwe, kamwedwe, mapilisi a BP tsiku lililonse, ena a shuga pamwamba, ena ma ARV pamwamba, kubwera ku kiliniki, kusiya zitsamba, ndipo zikafika poipa kuvomera makina otsuka magazi. Mukazimanga zonsezi mtolo umodzi nkumusenzetsa munthu, amautula pa geti ngati mmene anachitira bambo pa chiwaya paja. Ndiye mawu oti wosamva aja amabisa zambiri, sanena kuti wakana chiti, wavomera chiti, ndipo chifukwa chake nchiyani.

Tsono nkhani ya mchere. Apa mabwana ndikhalitsepo chifukwa ndi pamene ndinaona kuti ngakhale njira ya azungu ija ili ndi malire ake ikafika pa mudzi. Iwo amafunsa wodwala ngati kuti wodwalayo amadziphikira yekha. Bambo anga chibadwire sanagwirepo mthiko. Amene amathira mchere ndi mayi, ndipo mphika ndi umodzi, wa anthu seveni. Ulendo wachiwiri mnyamata uja anati mubwere ndi amene amaphika, mayi anapita, nkuwafunsanso zala zomwe zija, mayi anati ine khumi, bola akhale moyo. Koma atawafunsa kuti nanga mukuona kuti mungakwanitse, zala zingati, mayi anatsitsa mpaka zitatu. Akuti makala ndi odula sindingaphike miphika iwiri, akuti ndikaphika zopanda mchere ana sadya, akuti apongozi akabwera adzati ndikumuzunza mwana wawo kapena ndikufuna afe ndi njala nditenge nyumba. Mukuona? Kufuna ndi kwina, kukhulupirira kuti ndingathe ndi kwinanso, ndipo mafunso onse awiri amafunika kufunsidwa, kwa wodwala komanso kwa wogwira mthiko.

Zimene tinagwirizana zinali zazing'ono. Mayi aziphika ndiwo osathira mchere, azipatula za bambo mu kambale, kenako athire mchere mu mphika wa ena onse. Kambale ka mchere kamene kamakhala pambali pa nsima kachoke. Timakyubu tokometsera ndiwo tija tileke poti muli mchere wambiri, tiziika anyezi, adyo ndi ndimu. A WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo mayi atauona mchere wa kasupuniwo pa chikhatho anaseka mpaka misozi, akuti uwu ndimathira mu nyemba zokha. Ndiye panatulukanso china chimene pa ndandanda wa anamwino uja panalibe nkomwe, soda ndi chidulo. Therere kwathu sitiphika popanda soda, ndipo soda ndi mbale wake wa mchere, pomwe chidulo cha phulusa chija chili ndi potaziyamu wambiri, amene impso zofooka zimavutika kumuchotsa mmagazi, yemweyo amene akuletsera nthochi. Bambo anali atasiya nthochi mwaulemu koma therere la chidulo akudya katatu pa sabata. Ndandanda wokopera mmabukhu a kunja sungadziwe chidulo. Amene angachidziwe ndi amene wafunsa kuti kodi dzulo munadya chani, ndipo anaphika bwanji.

Ndipo pa zoletsa zomwezi ndinadzamva kwa adokotala ena kuti si wodwala impso aliyense amene ayenera kusiya nthochi, mapeyala ndi masamba, zimatengera siteji yake ndi zimene magazi aonetsa, kuchepetsa madzi nakonso si kwa aliyense. Ndiye taganizani munthu wa kumudzi amene ndiwo zake ndi masamba, nyemba ndi usipa, mwamuletsa zonse popanda kuyeza, akabwera ataonda muziti matenda akula pomwe ndi njala. Usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, nchifukwa chake amati muli fosiforasi wambiri, amene nayenso impso zofooka zimavutika kumuchotsa, chabwino, koma mmalo mwake adye chani pa ndalama imene ali nayo? Funso limeneli likapanda yankho musamulembe munthu kuti sali wokonzeka. Ndi wokonzeka, alibe chogwira. Chimodzimodzi amene wabwera ndi mtima wonse kudzatenga mankhwala a BP nkuuzidwa pa windo kuti atha mukagule ku famase, iye ya thiransipoti yobwerera anachita kukongola. Mwezi wotsatira BP ikakwera mlandu umagwera iye.

Mwina muti nthawi ilibe, anamwino ndi ochepa, odwala ndi ambiri. Zoona, ndakhala pa benchi ndikudziwa. Koma njira imeneyi si yachilendo mzipatala zathu, mukuichita kale mbali ina ya khonde lomwelo. Kuyambira pomwe ma ARV aulere anayamba mu 2004, ku kiliniki ya ma ARV munthu amalangizidwa, amafunsidwa ngati wamvetsa kuti ndi a moyo wonse, amafunsidwa za womuthandiza kunyumba, akasowa amalondoledwa, ndipo pali anzawo amene akumwa kale mankhwala amene amakhala pomwepo kucheza ndi atsopano. Dziko lino linaphunzira kale kuti kupereka botolo la mapilisi sikokwanira. Ku Neno, boma pamodzi ndi a Partners In Health, amene kumeneko amadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, anaphatikiza odwala BP, shuga ndi matenda ena okhalitsa mu kiliniki imodzi ndi a ma ARV. Ndiye luso lilipo, anthu odziwa kulangiza alipo, kungoti wodwala impso sanaganiziridwe.

Ndipo kuwerengera kwake nkosavuta. Makina otsuka magazi mzipatala za boma anthu timawadziwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo munthu akayamba dayalisisi ndi maola pafupifupi 4 pa makina, kawiri kapena katatu sabata iliyonse, moyo wake wonse pokhapokha atapatsidwa impso ina. Wa ku Nsanje, wa ku Mchinji, wa ku Mangochi ndiye kuti asamuke, asiye munda, akakhale kwa achibale mtauni. Mwezi uliwonse umene munthu wa siteji 3 kapena 4 wachedwetsa kufika pa makina ndi phindu kwa iye, kwa banja lake komanso kwa thumba la boma. Mphindi zinayi za mafunso muziyerekeze ndi maola anayi a pa makina.

Koma apa ndichenjeze, chifukwa ndimawadziwa maofesi athu mmene amasandutsira chinthu chabwino kukhala chikwapu. Kuyeza kukonzeka kwa wodwala kusadzakhale mayeso oti wina walephera ndiye apite kumbuyo kwa mzere wa dayalisisi. Makina ndi ochepa, ndikudziwa kuti madokotala amasankha ndi mtima wowawa, koma tsiku limene odwala adzadziwe kuti kunena zala ziwiri kumamanitsa chithandizo, aliyense adzati khumi, ndipo tidzabwerera ku eya eya uja. Bambo ananena zoona chifukwa anaona kuti zoonazo sizibweretsa chilango. Nambala yotsika ikhale uthenga kwa wachipatala kuti apa pakufunika kucheza kwina, osati chidindo pa mphumi pa wodwala.

Ndiye chimene ndikupempha si nyumba yatsopano kapena galimoto za pulojekiti. Mu bukhu la kuchipatala lija muikemo kachidindo kakang'ono, mizere ingapo, mchere, mapilisi, mankhwala ogula pa okala, zitsamba, kubwera ku kiliniki, pambali pake nambala ya kufuna ndi nambala ya kutha, ndi chinthu chimodzi chimene mwagwirizana mwezi umenewo, kuti amene adzatsegule bukhulo ulendo wina ayambire pomwe mnzake analekera, chifukwa ife nkhope timapeza zatsopano pafupifupi ulendo uliwonse ndipo mnyamata wathu uja tsiku lina adzasamutsidwa. Mawu oti satsatira malangizo asamalembedwe okha popanda chifukwa chake. Ku KUHeS, yunivesite ya Kamuzu yophunzitsa za umoyo, ndi mmakoleji a anamwino a boma ndi a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ana aziyeserera kufunsa kotereku mChichewa, mChitumbuka, mChiyao, mChisena, osati kungoloweza mayina a masitepe mChingelezi kuti akhoze mayeso. Ndipo akatswiri a zakudya amene dziko lino likuphunzitsa atikonzere pepala la zakudya zathu zenizeni, la nkhwani, chigwada, bonongwe, thobwa, mbewa ndi chidulo chomwe, lokhala ndi zithunzi, lonena zimene munthu angadye osati zoletsa zokhazokha. Alangizi a zaumoyo a mmidzi amafika kale pakhomo pathu pa nkhani za katemera ndi zimbudzi, akhoza kufunsako kuti agogo mwezi uno zala zili pangati.

Odwala anzawo musawaiwale. Tsiku lina pa benchi bambo anakhala moyandikana ndi bambo wina wa pa dayalisisi amene anabwera kudzaonana ndi adokotala, anawaonetsa mkono wake pamene amalowetsa masingano, mtsempha utatupa ngati chingwe, nkuwauza mmene amapimira madzi a tsiku lonse mu kabotolo kamodzi ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, akuti ludzu likavuta ndimangotsuka mkamwa nkulavula. Sanawalangize kanthu, ankangocheza. Madzulo ake bambo anatenga botolo la zitsamba lija nkukalithira kuseri kwa bafa, ine osanena kanthu, mayi osanena kanthu. Munthu ngati ameneyu bwanji osamupatsa mpando ndi kangachepe pa tsiku la kiliniki?

Sindikunamizani kuti bambo asanduka mngelo. Mwezi watha kunali maliro kumudzi, masiku atatu akudya za pa chigulu, nyemba za mchere wa mmanja mwa amayi khumi, ndipo anabwera mapazi atatupa. Poyamba akanabisa, akanati tisapite ku kiliniki mpaka aphwe. Ulendo uno anakanena okha asanafunsidwe, mnyamata uja anangoti zimachitika, maliro ena akadzagwa tidzapange bwanji, nkugwirizana kuti mayi azinyamula kakontena ka ndiwo zawo ngakhale anthu ayankhule. Za mowa wa masese wa Loweruka sitinazikhudze nkomwe, pamenepo akuti adakali pa chala chimodzi ndipo amachiimika monyadira. Mchere ali pa sikisi. Magazi a ulendo wathawu anaonetsa kuti impso sizinatsike kuchoka pomwe zinali, adakali pa siteji 4.

Tikupitanso Lachinayi likudzali, ndipo ndamva mphekesera kuti mnyamata uja akupita kusukulu kukaonjezera maphunziro. Amene tikamupeze akatsegula bukhu, tsamba loyamba limene akaone ndi lija la mawu a Chingelezi aja, chifukwa zala za bambo anga sizinalembedwe paliponse.

Ndine wanu,
Mwana wa wodwala impso, gadiyani wa pa benchi